Sabata ya agogo ndi Dusty Baker

Sabata ino ndinali pa shifiti ya masana kwa agogo ena kuno ku Houston, ntchito yanga ndi yosamalira okalamba mmakomo mwawo, kuwasambitsa, kuwamwetsa mankhwala, kuwayeza BP ndi shuga. Lolemba anakaniratu kudya phala mpaka nditawapezera pa YouTube gemu yomaliza ya World Series ya 2022, fainolo ya ligi yaikulu ya baseball kuno ku America, ija timu ya kuno ya Astros inagonjetsa Phillies. Agogowa akangoona Dusty Baker, yemwe anali kochi wa Astros nthawi imeneyo, pa tivi, kamtengo kotokosera mmano kali pakamwa, amakhala tsonga ngati msana uja sukuwawanso.

Lachiwiri ndikuwawenga zikhadabo anayamba kundilongosolera kuti Baker analowa timu ya Atlanta Braves mu 1968 ali ndi zaka 19 zokha, ndipo pa 8 April 1974 mnzake wa mu timuyo Hank Aaron akumenya home run (kumenya mpira mpaka kudumpha mpanda wa bwalo) yake ya 715 yomwe inaposa rekodi ya Babe Ruth, Baker ndi amene anaima pambali kudikira kuti amenye pambuyo pake. Nthawi imeneyo Aaron amalandira makalata omuopseza kuti amupha chifukwa ndi wakuda, pofika pamenepa mau a agogo amanjenjemera ndinachita kusiya kaye zikhadabozo. Chikho monga wosewera Baker anachitenga ndi Dodgers mu 1981.

Koma chimawakhudza kwambiri ndi ukochi wake. Giants kuyambira 1993, kenako Cubs, Reds, Nationals, onsewa anawafikitsa ku ma playoff koma chikho osachigwira, mu 2002 anafika mpaka fainolo nkuluza kwa Angels pa gemu ya 7, ndiye a Nationals mu 2017 sanamupatsenso kontrakiti munthu atawina divishoni zaka ziwiri zotsatizana, ine zimenezi zinandiwawa ndithu. Astros inamutenga mu 2020 timu ili pamanyazi ndi nkhani yoba zizindikiro zachinsinsi zomwe osewera a matimu ena amapatsana pagemu, anthu akuikuwiza bwalo lililonse.

Lachinayi BP inakwera, ndinaimbira nesi, tsiku lonse anangogona osayankhula kanthu ndipo mtima wanga sunakhazikike.

Lachisanu ndikulowa ndinawapeza avala kale chipewa chawo cha Astros, akuti mwana wanga ika gemu ija. Tinaonera mpaka Kyle Tucker wa Astros akuwakha mpira womaliza, anzake a Baker wa zaka 73 kumuunjirira akulumphalumpha. Agogo anandigwira dzanja osalisiya, phala linazizira patebulo ndinakawatenthetseranso, anadya lonse.