Manati oyenera malimu a aloyi

Lero m'mawa chiwongolero chinayamba kunjenjemera ndili pamsewu, ndipo nditaima n'kugwira tayala lakutsogolo ndinapeza manati awiri akuzungulira ndi zala zokha, ngakhale kuti ndinawamanga mwamphamvu tsiku limene ndinaika malimu a aloyi (opangidwa ndi aluminiyamu). Nditachotsa limu, mabowo ake anali atakumbika m'mphepete, ndipo tizidutswa ta aluminiyamu tinali titamatirira kunsi kwa manati. Mtima wanga sunakhazikikebe mpaka pano, chifukwa dzulo lomweli ndinanyamula ana m'galimoto imeneyi.

Ndinalakwitsa pogwiritsa ntchito manati a malimu akale achitsulo, poona kuti mazinga ake akulowa bwinobwino. Mazinga ndi mbali imodzi chabe ya nkhaniyi, ngakhale nawonso amasiyana, pakuti magalimoto ambiri a Toyota amafuna M12 x 1.5 (bauti yonenepa mamilimita 12, mazinga otalikirana mamilimita 1.5) pamene a Nissan ndi Subaru ambiri amafuna M12 x 1.25. Chimene chimagwira limu ndi pansi pa nati, pamene imakhudzana ndi bowo. Manati ena ndi osongoka pa madigiri 60, ena ndi obulungira monga a Honda, ndipo ena ndi afulati okhala ndi washa, omwe ndi amene malimu angawa amafuna. Nati yosongoka pabowo lafulati imangogwira kamzere kochepa, n'kumadya aluminiyamu pang'onopang'ono mpaka kukhwefuka.

Abale anga, pokagula manati muzitenga limu lenilenilo kuti mukayeserepo, ndipo mukamanga muziwakunganso mukayenda makilomita 50 mpaka 100.