Kodi kamera imadziwa bwanji aperture ya lenzi yopanda magetsi?

Chithunzi chilichonse chojambulidwa ndi kamera yamakono chimakhala ndi kaundula wake wobisika m'fayilo, amene ojambula timamudziwa ndi dzina loti EXIF. M'kaundulayu mumalembedwa tsiku ndi nthawi, liwiro la shata, ISO (mmene sensa ya kamera ikumvera kuwala), utali wa lenzi m'mamilimita, komanso aperture, komwe ndi kukula kwa kabowo kamene kuwala kumadzera polowa m'kamera. Ndondomekoyi inayambira ku Japan m'chaka cha 1995, ndipo ambirife tinazolowera kukhulupirira manambala ake popanda kufunsa kumene achokera. Pa liwiro la shata ndi ISO sitilakwitsa kutero, chifukwa zimenezi kamera imaziyendetsa yokha. Koma pa aperture nkhani ndi ina, pakuti kabowoko kali mu lenzi, ndipo kamera sikayeza ayi. Nambala imene mumaona pakompyuta, kamera inachita kuuzidwa, kapena inawerengetsera, kapena inangoyerekeza, ndipo fayilo siikuuzani kuti inadzera njira iti.

Ena amasokoneza zinthu ziwiri pano: kusankha nokha aperture pakamera, ndi kugwiritsa ntchito lenzi yopanda magetsi. Kuika kamera pa M n'kumasankha nokha aperture pogwiritsa ntchito kagudumu ka pakamera sikubweretsa vuto lililonse ngati lenzi yanu ili ndi tizitsulo tamagetsi tolumikizana ndi kamera. Kuyambira mu 1987, pamene Canon inatulutsa malenzi a EF, kamera ndi imene imatumiza lamulo ku lenzi, kenaka kamota kakang'ono ka mu lenzimo kamatseka timasamba tachitsulo mpaka pamene palamulidwapo. Mukasankha f/8 (nambala ya f ikamakula, kabowo kamachepa), m'fayilo mulembedwa f/8. Komabe zimene zalembedwazo ndi lamulo limene linatumizidwa, osati umboni wakuti lenzi inamvera. Timasamba tikachita mafuta n'kumachedwa kutseka, chithunzi chidzawala mopitirira muyezo pamene fayilo ikunenetsa kuti zonse zinali pa f/8. Kamera ili ngati kalaliki amene amalemba m'buku zimene wauzidwa, osatuluka panja kukaona yekha.

Vuto lenileni limayamba tikamangirira lenzi yakale, yokhala ndi mphete yake ya aperture, kudzera pa adaputa yachitsulo chokhachokha. Ine ndimagwiritsa ntchito kwambiri Helios 44-2, lenzi ya 58mm f/2 yopangidwa m'dziko lakale la Soviet Union, ya mazinga a M42, ndipo ndikudziwa kuti ambiri amene sitingakwanitse kugula malenzi atsopano tinapeza chimwemwe m'malenzi otere. Pakati pa lenzi imeneyi ndi kamera palibe kulankhulana kulikonse, moti kamera imaganiza kuti kutsogolo kwake kulibe kanthu. N'chifukwa chake pa Sony ndi Fujifilm muyenera kuyamba mwailola kuti izijambula popanda lenzi. Canon imaonetsa F00, Sony imaonetsa F ndi timizere tiwiri, ndipo m'fayilo malo a aperture amakhala opanda kanthu, kapena mumalembedwa 0, kapena 1.0, malinga ndi kamera yake. Chodabwitsa kwa oyamba kumene n'chakuti chithunzi chimatulukabe chowala bwino. Chifukwa chake n'chakuti mukatembenuza mphete, kabowoko kamachepa nthawi yomweyo, ndipo kamera imangoyeza kuwala kumene kwafika n'kusankha liwiro la shata loyenera. Pa ntchito imeneyi nambala siikufunika.

Njira imene imandisangalatsa kwambiri ndi ya Nikon, chifukwa ndi nzeru ya zitsulo zokhazokha imene inapulumuka mpaka m'nyengo ya dijito. Mu 1977 kampaniyi inayambitsa malenzi a AI, amene kumbuyo kwa mphete yawo ya aperture kuli kamsonga kotulukira kunja. Kamsongaka kamakankha kachitsulo koyenda mozungulira pakamwa pa kamera, ndipo mukatembenuza mphete, kachitsuloko kamasuntha nayo. Makamera monga D200, D700 ndi D7000 ali nako kachitsulo kameneka. Chofunika kumvetsa n'chakuti kachitsuloka sikanena kuti muli pa f/4 kapena f/8. Kamangonena kuti mwatsika masitepe angati (sitepe iliyonse imachepetsa kuwala ndi theka) kuchokera pomwe lenzi imatseguka kotheratu, ndipo mukapanda kuiuza kamera za lenzi yanu, imaonetsa chiwerengero cha masitepe okhawo, osati nambala ya f. Kuti ipeze nambala yeniyeni, muyenera kulowa m'gawo la Non-CPU lens data n'kulembamo utali wa lenzi ndi aperture yake yotseguka kwambiri.

Tiyerekeze kuti mwamanga 50mm f/1.4 ndipo mwaiuza kamera zoona. Mukatembenuza mphete masitepe atatu, kudutsa pa f/2 ndi f/2.8, kamera iwonkhetsa n'kulemba f/4, ndipo yalondola. Tsono muchotse lenziyo, mumange 28mm f/2.8 osasintha zimene munalemba zija, mutembenuzenso masitepe atatu. Mphete ikuonetsa f/8, koma kamera ikuwerengabe kuchokera pa f/1.4, choncho m'fayilo mulowa f/4 ndi 50mm. Kuwala kwa chithunzi sikudzasokonekera kwenikweni, popeza poyeza kuwala chimene chimagwira ntchito ndi kusiyana kwa masitepe kuja, ndipo ichi n'chimene chimapangitsa cholakwikacho kukhala chovuta kuchizindikira. Zithunzi ndi zabwino, manambala akuoneka anzeru, koma ndi abodza. Dziwaninso kuti si Nikon iliyonse imene ili ndi kachitsulo kaja. Makamera a m'gulu la D3000 ndi D5000 alibe, D7500 ilibe, ndipo adaputa ya FTZ yomangira malenzi akale pa makamera a Z ilibenso, kotero lenzi yomweyo ya AI imene inkalembedwa bwino pa D700 imasowa wonena aperture yake ikafika pamenepo.

Pentax inasankha kusavutika nazo. Makamera ake a dijito anasiya kachitsulo kowerenga mphete, choncho lenzi yakale ya K imamangika bwinobwino, mumadina batani lobiriwira kuti kamera itseke kabowo kwa kanthawi n'kuyeza kuwala, koma nambala ya aperture siilembedwa yokha. Malenzi okhala ndi chilembo A pa mphete, amene anayamba mu 1983, ndi amene amalembedwa, bola mphete ikhale pa A pomwepo.

Leica ndiyo inapita kutali ndi nzeru zoyerekeza. Malenzi ake a mtundu wa M alibe cholumikizira chilichonse cha aperture, chachitsulo ngakhale chamagetsi. Mu 2006, potulutsa kamera ya M8, kampaniyi inayamba kuika timadontho 6 takuda ndi toyera kumbuyo kwa lenzi, timene kamera imawerenga kuti idziwe mtundu wa lenziyo. Timadonthoti sitisintha mukatembenuza mphete, choncho pa aperture kamera imagwiritsa ntchito kasensa kakang'ono ka kutsogolo kwake, kamene kamayeza kuwala kwa panja, n'kufananitsa ndi kuwala kumene kwadutsa mu lenzi. Kusiyana kwa ziwirizi n'kumene kumasanduka nambala ya f. Nzeruyi ndimaigomera, koma ili ndi malire oonekeratu. Mukaika fyuluta yochepetsa kuwala kutsogolo kwa lenzi, kamera iganiza kuti mwatseka kabowo, ndipo lenzi ikaloza pamalo amdima pamene kasensa kakuona thambo lowala, yankho lisokonekeranso. Chimene sindigwirizana nacho n'chakuti nambala yongoyerekezayi imaonekera pakompyuta mofanana ndendende ndi nambala yochita kuuzidwa, ndipo munthu wongoona chithunzi pa intaneti alibe podziwira.

Choipa kuposa zonsezi, m'kuona kwanga, ndi maadaputa otchipa okhala ndi chip. Kachipangizoka kamanamiza kamera kuti pali lenzi yamagetsi, n'cholinga choti izilira kapena kuyatsa kanyali mukalunjika bwino, ndipo pochita zimenezi kamatumiza nambala imodzi yokhazikika. Mudzapeza zithunzi zonse za tsiku lathunthu zitalembedwa f/1.4, ngakhale zimene munajambula pa f/11 dzuwa likuswa mtengo. Musasokoneze maadaputawa ndi malenzi atsopano olunjikitsa pamanja monga Zeiss Loxia kapena a Voigtländer opangidwira Sony E, amene ali ndi tizitsulo tamagetsi tonena pamene mphete yaima. Amenewo amanena zoona.

Wina angafunse kuti kuvutikiranji, poti chithunzi chikakhala chokongola nambala ilibe ntchito. Ine ndimavutika nazo chifukwa manambalawa ndi amene amatiphunzitsa. Pakapita miyezi, munthu amafuna kudziwa kuti lenzi yake imayamba kuthwa m'mbali pa aperture iti, kapena chifukwa chimene mzere wakumbuyo pa chithunzi cha gulu la paukwati unatuluka mbuu pamene wakutsogolo unathwa. Wophunzira amene waona chithunzi chanu cholembedwa f/1.4, chonsecho munachijambula pa f/8, adzataya nthawi kuyesa chinthu chosatheka, mwinanso adzaganiza kuti lenzi yake ndi yowonongeka. Palinso mapulogalamu okonzera zithunzi amene amadalira aperture pochotsa mdima wa m'ngodya, ndipo akapatsidwa nambala yolakwika amakonza molakwika.

Zimene ndimachita ine n'zosavuta. Ndikamagwiritsa ntchito lenzi yopanda magetsi sindisinthasintha aperture popanda chifukwa, ndipo ndikasintha ndimajambula mpheteyo ndi foni, kuti nthawi ya pafoni idzandithandize kufananitsa ndi nthawi ya zithunzi. Kenaka ndimagwiritsa ntchito ExifTool, pulogalamu yaulere imene Phil Harvey anayamba kuitulutsa mu 2003, kulemba nambala ndi dzina la lenzi m'mafayilo. Ogwiritsa ntchito pulogalamu yokonzera zithunzi ya Lightroom ali ndi LensTagger, yomwe imadalira ExifTool yomweyo. Chenjerani ndi chinthu chimodzi apa: EXIF imasunga aperture m'malo awiri, FNumber ndi ApertureValue. Malo achiwiriwa amawerenga masitepe, moti f/2.8 ndi 3 ndipo f/8 ndi 6, choncho mukakonza malo amodzi n'kusiya enawo, mapulogalamu awiri akhoza kukuonetsani manambala osiyana pa chithunzi chimodzi.

Helios yanga ija ili ndi mphete ziwiri. Imodzi imadina pa manambala ndipo imangoika malire, pamene inayo imayenda mosalala kuchokera potseguka kufika pamalirewo. Nthawi zambiri pojambula nkhope ndimaiimitsa pakati, pamene maso anga akhutira ndi maonekedwe a kumbuyo, ndipo pamenepo palibe nambala imene ndingaikhulupirire. Pa zithunzi zotere ndimangolemba dzina la lenzi ndi 58mm, malo a aperture n'kuwasiya opanda kanthu.