Amayi alowa okha m'tchalitchi: zikomo kwa inu nonse amene munatigwira mkono

Lamulungu lapitali amayi anga analowa m'tchalitchi akuyenda okha. Ndodo inali kudzanja lamanzere, mwendo wamanja akuukoka pang'ono, koma panalibe wowagwira. Kuchoka pakhomo kukafika pamene pamakhala amayi a Mvano ndi pafupi, koma iwo anatenga mphindi zingapo, mpingo wonse uli zii kuwadikira. Anavala bulauzi yawo yoyera ndi duku zimene zakhala m'sutikesi zaka ziwiri ndi theka. Ine ndinali pambuyo pawo manja ali chitambasulire, kuopa kuti angagwe, ndipo sanandicheukire ngakhale kamodzi.

Titaweruka anthu ambiri anandipatsa moni nkumati, "Mwagwira ntchito mayi, ana ngati inu akusowa masiku ano." Ndinangoti zikomo, poti panja pa tchalitchi sipofotokozera zambiri. Koma mtima wanga wakana kulandira ulemu umenewu ndekha. Ndiye ndalemba pano kuti amene anasenza nane katunduyu adziwike. Maina sinditchula, chifukwa ena mwa iwo sangakondwe, koma aliyense adzizindikira yekha.

Munali mu Febuluwale 2023 pamene atsibweni anandiimbira foni kuchokera kumudzi ku Chiradzulu kuti amayi agwa m'munda akubandira chimanga, pakamwa papotoka ndipo sakuyankhula. Tsiku lomwelo tinafika nawo ku Queens. Adokotala anati ndi sitiroko, ndipo inabwera chifukwa BP yawo inakhala yokwera nthawi yaitali popanda wodziwa. Apa mlandu ndi wanga. Amayi ankadandaula mutu kawirikawiri, ine nkumangowatumizira ya panado pa foni, osaganizako zoti akayezetse. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa. Ngati muli ndi kholo limene likudandaula mutu ndi chizungulire, chonde pitani nalo likayezedwe BP, kuyeza kwake sikutenga nthawi.

Kwa anamwino a muwodi imene tinagonekedwa, zikomo. Mmodzi wa inu, usiku wina odwala ali mbwee, anapeza mpata nkundionetsa kadyetsedwe ka munthu amene kumeza kukumuvuta: kumukhazika tsonga, phala lolimbako osati lamadzimadzi, supuni yaing'ono, kudikira ameze kaye. Anandiuzanso kuti ndiziwatembenuza pa maola awiri alionse kuti asatuluke zilonda kumsana ndi m'chiuno. Mawu awiri amenewo ndiwo anatisunga chaka chathunthu. Ndikuthokozanso mayi wina wa ku Chikwawa amene ankadwazika mwamuna wake, tinkagawana mbaula kumalo ophikira. Nambala yake ndinataya, koma makala ake ndinaphikira.

Atatitulutsa panali nkhani yoti amayi akakhale kuti. Mwana wamkazi ndilipo ndekha, mchimwene wanga ali ku Johannesburg, ndipo nyumba imene timachita lendi ku Machinjiri ndi ya zipinda ziwiri. Ndinali ndisanapeze poyambira kuwauza amuna anga, iwo anayamba okha: "Apongozi sakubwerera kumudzi ali chonchi. Anyamata azigona pabalaza." Nkhani inathera pomwepo.

Pasanathe milungu iwiri kunabwera namondwe wa Freddy. Ife nyumba sinagwe, ndipo sindingayerekeze mavuto athu ndi a abale athu a ku Chilobwe amene phiri la Soche linawagumukira. Koma mvula ija inagwa masiku angapo osakata, ndipo munthu wogona pamphasa wosatha kudziletsa amafuna nsalu zouma maola onse. Mapampasi a akulu tinalibe ndalama yake, timagwiritsa ntchito zitenje zakale. Ndinachapa mpaka zonse zinathera pachingwe cha m'nyumba, zili noninoni, magetsi kulibe. Usiku wachiwiri kunamveka kugogoda. Anali aneba anga a kuseri, atafunda jumbo kumutu, atanyamula zitenje zawo zisanu ndi chimodzi, zina zoti sanazitchenepo. Anakhala nane mpaka kunja kutayera, tikuyanika zonyowa pamwamba pa mbaula, mmodzi mbali iyi wina mbali iyo. Achemwali anga inu, kuyambira usiku umenewo sindikutchulaninso kuti aneba.

Amene sanadwazikepo amaganiza kuti chovuta ndi tsiku la kuchipatala. Chovuta ndi Lachiwiri wamba. Kudzuka 4 koloko, kukoleza moto, kutenthetsa madzi, kuwasambitsa amayi, kuwadzoza mafuta, kusintha zogonera, kuchapa, kuphika phala la mgaiwa lothira nsinjiro, kuwamwetsa mankhwala a BP, kenako kuona kuti ana adya ndipo yunifolomu ndi yosita. Ikamakwana 8 ndili pa minibasi kupita ku Limbe kumene ndimagulitsa kaunjika, mutu uli kunyumba. Madzulo ndiwo zimaphikidwa pawiri chifukwa za amayi sizifuna mchere wambiri, ndipo iwo ankakankha mbale nkhope itakwinyika. Usiku alamu ya pafoni inkalira kanayi kuti ndiwatembenuze. Madzi akasiya kutuluka pampopi, zonsezi zimafuna zigubu zochokera kumjigo.

Tsopano ndinene za bambo a m'nyumba mwanga. Kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi amapatsana ulemu wotalikirana. Zaka zonse za banja lathu amuna anga anali asanakhalepo mphasa imodzi ndi amayi. Moni ankapatsana chapatali, wina atanjuta uku, wina akuyang'ana kumbali. Tsiku lina m'mawa amayi anatsetsereka pampando m'bafa ndipo ine ndinalephera kuwadzutsa, msana unali utandigwira. Ndinakuwa. Amuna anga anafika pakhomo la bafa nkuima. Ndinawaona akulimbana ndi mtima. Kenako anavula jekete la kuntchito, anatenga chitenje pachingwe nkundiponyera kuti ndiwafunditse bwinobwino, ndipo anagwada nkunena kuti, "Amayi, mundikhululukire, ndikunyamulani." Amayi anatseka maso, misozi ikutsika. Anawanyamula ngati mwana mpaka pabedi, anatuluka osayankhula kanthu, nkupita kuntchito malaya atanyowa. Kuyambira tsiku limenelo, kunyamula inakhala ntchito yawo, m'mawa asanapite ndi madzulo akabwera. Amayi atayamba kuyankhula anasiya kuwatchula kuti akamwini, amangoti "mwana wanga wamkulu". Bambo, pamaso sindinakuuzenipo bwinobwino, ndiye ndikukuuzani pano anthu onse akumva: zikomo.

Ana anganso analipira mtengo wake. Mwana wanga wamkazi anali Folomu 4 chaka chimenecho. Mayeso a MSCE anawerengera m'chipinda cha agogo ake, buku pamwendo, dzanja lina likuthamangitsa udzudzu, ndipo masiku ena ndinkamudzutsa pakati pa usiku kuti tithandizane kutembenuza. Sanandiyankhepo mwano. Wamng'ono uja, amene anali ndi zaka 9, anamva a mafizo akunena kuti dzanja lamanja lizifinya kanthu, iye nkukapanga kampira ka majumbo komanga ndi mphira. Akaweruka kusukulu ankakhala pambali pa bedi nkumawerenga, "Agogo finyani, wanu, thuu, fili." Chala choyamba kugwedezeka anachiona ndi iyeyo, anathamanga mpaka kumsewu kukandichingamira kuti andiuze.

Kwa a mafizo a ku Kachere, amene munatiphunzitsa kuwaimiritsa amayi pogwira m'chiuno osati kukoka mkono wofookawo, Mulungu akudalitseni. Mpando wachikuku umene tinagwiritsa ntchito chaka chonse unachokera kwa banja lina la mumpingo limene bambo awo anamwalira. Pano tauperekanso kwa ena. Ndipo pali mnyamata wa takisi amene ankatitenga masiku a mafizo. Nthawi zina ndinkamuuza kuti ndalama ndimupatsa Loweruka, iye nkungoti, "Mayi, agogowa ndi athu tonse," nkutsika kudzathandiza kupinda chikuku.

Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha itagwa ndi 44 peresenti, belo la kaunjika linakwera moti mpamba wanga unasungunuka. Mankhwala ena amene tinkagula kufamase, sopo, makala, zonse zinakwera nthawi imodzi. Amayi anzanga a banki m'khonde munandibwereka kawiri motsatizana ndisanamalize ngongole yoyamba, zimene malamulo athu salola, ndipo munagwirizana nokha ine kulibe. Amene tinayandikana mabenchi ku Limbe munkandigulitsira katundu ndikathamangira kunyumba, madzulo nkunditumizira ndalama yonse pa foni osachotsapo ngakhale ya minibasi.

Achimwene, inunso ndikuthokozeni pagulu, poti ndinakulakwirani pagulu la banja pa WhatsApp. Ndinalemba kuti kutumiza ndalama nkosavuta, bwerani mudzachape. Ndinali nditatopa, koma mawuwo anali oipa. Simunandibwezere. Mwezi uliwonse ndalama inkafika, ngakhale miyezi imene ganyu inkavuta kumeneko, ndipo mu Disembala munakwera basi masiku awiri nkudzagona pansi pambali pa amayi milungu itatu kuti ine ndigone tulo. Tulo timene ndinagona masiku amenewo sindidzatiiwala.

Pali tsiku limodzi limene ndimachita nalo manyazi, koma ndilinena chifukwa ndikudziwa kuti alipo ena akudwazika amene akudziona ngati anthu oipa. Ndinali nditangosintha zogonera, amayi nkuonongeranso, kenako anakankha mbale ya phala nkutayikira pabulangete lomaliza louma. Ndinawakalipira. Ndinakweza mawu kwa mayi wondibereka, amene sakanatha ngakhale kundiyankha. Anangondiyang'ana. Ndinatuluka nkukakhala kuseri kwa nyumba ndikulira. Achemwali anga a kuseri aja anamva zonse. Sanandidzudzule, sanandilalikire. Analowa, anakonza zonse, anawadyetsa amayi phala lina, kenako anabwera nkundiuza kuti, "Mawa musapite kumsika ndipo musalowe m'chipindamo. Ndikhala ndine." Madzulo ake ndinakagwada kwa amayi kupepesa. Anandisisita kumutu ndi dzanja lawo lamanzere.

Panalinso zowawa zochokera kunja. Amayi ankabuula usiku ndi kutulutsa mawu osamveka, ndipo anthu ena anayamba kunong'onezana kuti gogo ameneyu sali yekha, ana asamadutse pakhomo pathu. Tonse tikudziwa kumene manong'onong'o otere amathera m'dziko muno, okalamba angati amenyedwa ndi kuphedwa powanamizira ufiti. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu achikulire, koma pakhomo panga chimene chinazimitsa moto ndi akulu ampingo awiri ndi amfumu a m'dera lathu, amene anabwera masana dzuwa likuswa mtengo, anakhala pakhonde ndi amayi nkumwa nawo thobwa aliyense akuona. Mkulu mmodzi ananena mokweza kuti, "Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo." Mwendo wa amayi unali utachepadi, wowonda ngati dzanja. Kuyambira pamenepo sindinamvenso kanthu.

Amayi a Mvano, inu ndiye ndisowa poyambira. Munagawana masiku, awiriawiri, kubwera ndi ufa, sopo, nkhuni, ena kungobwera ndi manja awo kudzachapa. Ndipo mawu oyamba a amayi anatuluka pamaso panu. Panali patatha miyezi isanu osatchula liwu lomveka. Munayambitsa nyimbo ya m'buku imene iwo akhala akuimba kuyambira utsikana wawo, ndipo pofika ndime yachiwiri tinamva liwu lina lanthetemya likutsatira, mawu onse bwinobwino. Nyimbo inaima, aliyense akuyang'ana mnzake, kenako munaipitiriza mukulira. A mafizo anatiuza pambuyo pake kuti zimachitika ndithu, munthu wa sitiroko amatha kuimba asanayambe kuyankhula, ndipo anati tiziimba nawo tsiku lililonse. Dzina langa analitchula patapita milungu itatu.

Atsibweni ndi azakhali kumudzi, munda wa amayi simunausiye kuti ugonere. Munalima, munabzala, ndipo chaka chilichonse thumba la chimanga ndi nandolo zinkafika pa minibasi. Amayi ankatenga nandoloyo m'manja nkumununkhiza.

Chiphaso chaunzika chimati amayi anabadwa mu 1945, ndiye kuti chaka chino cha 2025 akwanitsa zaka 80, ngakhale iwo amangoti njala ya 1949 inawapeza akutha kuyenda. Sanachiriretu. Dzanja lamanja siligwira mpeni, mawu ena amawathawa, mankhwala a BP ndi a moyo wonse, ndipo usiku ndimadzukabe kamodzi kukawaperekeza. Koma amadya okha, amasamba okha atakhala pampando, ndipo masana amakhala pakhonde kusankha nyemba ndi kulangiza aliyense wodutsa.

Pochokera kutchalitchi Lamulungu lija, tili m'galimoto, anandiuza zinthu ziwiri. Akufuna kalongonda, wophikidwa tsiku lonse ndi kutaya madzi ake monga amachitira kwathu, osati wachangu wa m'tauni. Ndipo akufuna akaone munda wawo nandolo asanathe kukololedwa. Ndiye atsibweni, tikubwera Loweruka lomaliza la mwezi uno. Mutikonzere mpando pansi pa mtengo wa mango uja, ndipo njira ya kumunda muilambule, akuti akafika okha mpaka pachulu.