Zikomo nonse amene munandithandiza laputopu yanga itayamba kudzizimitsa yokha

Abale anga, makasitomala anga a kuno ku Lunzu, ndi inu nonse amene mwakhala mukundifunsa pa WhatsApp kuti zinthu zili pati, laputopu ija yachira. Ntchito yotayipa yayambiranso bwinobwino. Mayeso a kumapeto kwa teremu amene masukulu anandipatsa ndawamaliza, ndawapulinta, eni ake atenga. Ndaona kuti kuimbira foni munthu aliyense payekha sikukwanira, chifukwa ena mwa inu simudziwana n'komwe, chikhalirecho aliyense anaikapo dzanja lake mpaka vuto linapezeka. Ndifotokozanso mmene zinayendera, popeza ambirife timadyera makompyuta akale ochokera kunja, ndipo zimene zandionekera ine zikhoza kuonekera wina.

Laputopu yangayi ili ndi purosesa (ubongo wa kompyuta) ya Intel Core i5 ya m'badwo wachinayi, zija zinayamba kutuluka mu 2013. Inabwera ndi RAM ya 4GB, kachipangizo kamene kompyuta imasungamo zinthu zimene ikugwira pa nthawiyo. Pa Windows 10, ukatsegula Word, Chrome ndi pulogalamu yokonzera makadi a ukwati nthawi imodzi, inkayenda mokwawa, kasitomala n'kumangoyang'ana wotchi. Achimwene anga amene ali ku Johannesburg atamva kudandaula kwanga anandigulira RAM ina ya 4GB, n'kupatsira munthu wobwera pa basi. Tinaiika pa malo achiwiri amene anali opanda kanthu. Inalowa bwinobwino mpaka timawaya ta m'mbali tinalira kuti tha, kompyuta inayaka, Windows n'kuonetsa 8GB. Liwiro linasinthadi, ndipo ndinawaimbira achimwene usiku womwewo kuwathokoza.

Vuto linayamba pang'onopang'ono. Tsiku lina ndikutayipa pepala la masamu a Sitandade 7, lija lodzaza ndi mafulakishoni amene umayenera kuika nambala ina pamwamba ina pansi, funso lililonse kulikonza mosamala. Ndili pakati pa pepala, sikirini inangoti bii, fani n'kukhala chete, kenaka chizindikiro cha Windows chija n'kubwera ngati ndangoiyatsa kumene. Word imasunga yokha ntchito pakatha mphindi 10 zilizonse ngati sunasinthe, choncho mafunso onse amene ndinalemba m'mphindi zomalizazo anapita. Ndinayambiranso. Madzulo ake zinachitikanso ndikupulinta. Tsiku lina imatha kugwira ntchito m'mawa wonse osavuta, tsiku lina kuzima kasitomala ataima pomwepo ndi ndondomeko ya maliro oti aikidwa masana omwewo. Chimene chinkandipweteka kwambiri n'choti sindinkadziwa nthawi imene izime, ndiye mtima unkangokhala m'mwamba chala chili pa mabatani osungira ntchito a Ctrl ndi S.

Aliyense anayamba waganizira magetsi, ine ndemwe, chifukwa batire ya laputopuyi inatopa kalekale moti magetsi akangophethira imazima. Apa ndikuthokoza mayi a saluni yoyandikana nane. Mayi, munandilola kukoka waya kuchokera pa invetala ya sola yanu tsiku lathunthu, inu n'kumachepetsa ntchito yanu yowumitsa tsitsi kuti batire isathe. Laputopu inazima ili pa sola pomwepo, magetsi osagwedezeka ngakhale pang'ono, ndipo tinadziwa kuti vuto silikuchokera kukhoma. Ndikuthokozanso aphunzitsi amene munandibwereka chaja chanu cha mtundu womwewo n'kugona laputopu yanu ilibe moto. Chajanso chinapezeka kuti n'chosalakwa.

Kenaka anabwera mwana wa achemwali anga amene akuphunzira za makompyuta ku Blantyre. Mwana wanga, iwe unataya Loweruka lako lonse, ndipo sindidzaiwala. Unayamba ndi mavayirasi, popeza mafulashi a makasitomala amalowa ndi kutuluka tsiku lonse, koma sunapeze kanthu kooneka. Unatsegula kunsi, n'kuchotsa fumbi lomwe linaundana pa fani ngati thonje, n'kupaka thermal paste watsopano, phala lothandiza kuchotsa kutentha, pa purosesa poganiza kuti mwina ikuzima chifukwa cha kutentha. Inayamba kuzizira bwino koma kuzima sikunathe. Unatsegula Event Viewer, momwe Windows imalembamo zimene zachitika m'kompyuta, n'kundionetsa mzere wolembedwa Kernel-Power 41 utabwerezedwa kambirimbiri, ndipo unandiuza moona mtima kuti mzerewo umangonena kuti kompyuta inazima mosayenera, sunena chimene chinaizimitsa.

Chimene unachita pambuyo pake ndi chimene chinatsegula njira. Windows ikakumana ndi vuto lalikulu imadziyatsanso yokha mwachangu, moti uthenga wa pa sikirini ya buluu munthu suuona. Unalowa mu Startup and Recovery n'kuchotsa chizindikiro pa Automatically restart. Itazimanso, sikirini ya buluu inaima, ndipo ndinaijambula ndi foni monga unandiuzira. Ulendo wina inalemba MEMORY_MANAGEMENT, ulendo wina IRQL_NOT_LESS_OR_EQUAL. Unayesa Windows Memory Diagnostic, pulogalamu ya Windows yoyezera RAM, koma inati palibe vuto. Ukanakhala wina ukananena kuti basi RAM ili bwino, tifomate laputopuyi, kutanthauza kufufuta zonse n'kuikamo Windows mwatsopano. Iwe unati mauthenga osinthasintha chonchi ukuwakayikira, ndipo unanditumiza kwa bambo wina wokonza makompyuta ku Limbe amene unaphunzirako ntchito pa holide. Kudziwa pamene nzeru zako zalekezera n'kumulozera munthu kwa wamkulu, pa msinkhu wakowo, kwandisangalatsa kwambiri.

Pakati apa panali anthu angapo amene anandilangiza kuti ndingofomata, ena n'kumati hadi disiki yafa, ena kuti bodi yaikulu ya m'kati yapsa ndigule laputopu ina. Ndikudziwa ankandifunira zabwino. Koma ndinene maganizo anga: kuno kwathu kufomata tayamba kukuthamangira kwambiri. Munthu amataya mafayilo ake, amalipira, patapita masiku vuto lomwe lija n'kubwerera chifukwa silinali mu Windows. Ine m'laputopu muja muli ma CV a anthu, makalata a mipingo, mayeso a zaka zingapo amene aphunzitsi amabwera kudzafunsa. Kufomata kukanandipweteka popanda phindu.

Bambo a ku Limbe, kwa inu mawu akundichepera. Ndinafika pa benchi yanu nditatopa, ndipo musanagwire n'komwe sikuludiraiva munandifunsa kuti chinthu chomaliza chimene chinasinthidwa m'laputopumo n'chiyani, komanso kuti vuto linayamba chisanasinthidwe kapena chitasinthidwa. Nditatchula RAM munangogwedeza mutu. Munalowetsa fulashi yanu yokhala ndi Memtest86+, pulogalamu imene imayaka payokha popanda Windows n'kumalemba ndi kuwerenga malo aliwonse a RAM mobwerezabwereza. Poyamba sikirini inali ya buluu yokhayokha, manambala akungoyenda. Munandiuza kuti ndisafulumire kusangalala, ndipite ndikamwe tiyi. Pobwera ndinapeza mizere yofiira itayamba kutsika kunsi kwa sikirini, ndipo munati mzere uliwonse ndi malo amene kompyuta inalemba chinthu china n'kuwerenga china.

Simunalekere pomwepo kuti mundigulitse RAM ina msangamsanga. Munapukuta timano ta golide ta RAM zonse ziwiri ndi labala ya pensulo, n'kuzisinthanitsa malo, kuti tidziwe ngati olakwa ndi malo olowetsamo. Mizere yofiira inabweranso. Kenaka munachotsa yatsopano ija, n'kusiya yakale yokha usiku wonse. M'mawa munanditumizira chithunzi, palibe mzere wofiira ngakhale umodzi.

Nditabweranso munaika RAM ziwirizo pa nsalu, moyandikana, n'kundipatsa galasi lokulitsira zinthu kuti ndiwerenge ndekha timapepala tomata pamwamba pake. Kukula kwake n'chimodzimodzi, mtundu wobiriwira womwewo, kampata ka pakati pa timano kali pamalo amodzi. Pa yakale panalembedwa PC3L-12800S. Pa yatsopano panalembedwa PC3-12800S. Munandifotokozera kuti zonse ziwiri liwiro lake ndi limodzi, 1600, ndipo zonse zili ndi timano 204, n'chifukwa chake yatsopanoyo inalowa popanda kukakamiza. Kusiyana kuli pa magetsi. Yakale ija ndi DDR3L, imagwira ntchito ndi 1.35V. Yatsopano ndi DDR3 wamba, imafuna 1.5V. Mapurosesa a laputopu a m'badwo wachinayi anapangidwira DDR3L, choncho RAM ya 1.5V ikalowamo imalandira magetsi osakwana. Malaputopu ena amakaniratu kuyaka, ndipo mwini wake amadziwa tsiku lomwelo. Ena, ngati yanga, amayaka, n'kuonetsa 8GB, n'kumagwira ntchito yopepuka bwinobwino, koma ntchito ikachuluka RAM ija imayamba kusokoneza manambala, Windows n'kugwa. Munati zili ngati waganyu amene wadya theka la nsima yake: m'mawa alima ndithu, koma dzuwa likafika pamutu khasu limugwa m'manja. Ndinamvetsa nthawi yomweyo chifukwa chake inkakonda kuzima ndikatsegula zinthu zambiri kapena ndikamapulinta makadi a zithunzi.

Munandiuzanso kuti DDR3L imatha kugwira ntchito m'makina ofuna 1.5V, koma DDR3 wamba m'makina ofuna 1.35V ndi pamene pamakhala mavuto. DDR4 yokha, mtundu wa RAM umene unabwera pambuyo pa DDR3, siingasokoneze munthu chonchi chifukwa ya laputopu ili ndi timano 260 ndipo kampata kake kali pena, siilowa n'komwe. Msampha uli pa ziwiri zofananazi, zimene pamsika tonse timangozitchula kuti DDR3.

Chimene chinandikhudza mtima kwambiri ndi ichi. Munatenga RAM ya achimwene ija n'kuiika m'laputopu ina yakale ya m'badwo wachiwiri imene inali pa shelefu, n'kuiyesa usiku wonse ndi Memtest86+ yomweyo. Inadutsa yoyera. Mukanatha kundiuza kuti ndi yakufa, n'kuitaya m'kabati mwanu, ine osadziwa kanthu. M'malo mwake munandiuza kuti ndi yamoyo, munasinthanitsa ndi ya PC3L imene munali nayo, ndipo munandilipiritsa kandalama kochepa ka ntchito yokha. Munakana kundibwezera laputopu tsiku lomwelo mpaka RAM ziwirizo zitayesedwa limodzi usiku wina. Ndinkafulumira chifukwa cha mayeso a ana, koma munalimbikira, ndipo lero ndikuona kuti munachita bwino. Mulungu adalitse manja anuwo, bambo.

Achimwene, ndamva kwa alamu kuti mwakhala mukudandaula kuti mphatso yanu ndiyo inandibweretsera mavuto. Chonde mtima ukhale pansi. Munapita kusitolo n'kunena kuti mukufuna DDR3 ya laputopu ya 4GB, ndipo anakupatsani chimene munapempha. Ndalama imene munagulira munaipeza movutikira kumeneko, ndipo munandikumbukira ine musanadzikumbukire nokha. RAM yanu siinatayike, ndiyo inasinthanitsidwa ndi imene ndikugwiritsa ntchito panopa. 8GB imene ndikutayipira lero ndi yanu ndithu, ndipo laputopu ikuthamanga monga munkafunira.

Pali munthu wina amene sindingamusiye. Achemwali amene muli ndi shopu yotayipa kutsidya kwa msewu wa M1, ine ndi inu timalimbirana makasitomala omwewo. Mutamva kuti laputopu yanga ili ku Limbe ndipo mayeso akudikira, munanditumira mwana kudzandiuza kuti mukatseka shopu madzulo ndizibwera kudzagwiritsa ntchito kompyuta yanu. Munandisiyira makiyi. Aphunzitsi ena anabwera kwa inu kuti muwatayipire poti ine ndachedwa, ndipo munawauza kuti ntchito yawo ikuchitika kale m'shopu mwanu momwemo, adikire. Zimenezi ndinazimva kwa aphunzitsiwo, inu simunandiuze. Zikomo kwambiri, achemwali.

Aphunzitsi aakulu a masukulu amene munandipirira, zikomo. Ndikudziwa kuti tsiku la mayeso silisuntha, ndipo ena mwa inu munachita kubwera nokha kudzawerenga mapepala usiku kuti tikonze zolakwika nthawi yomweyo. Banja lija la ndondomeko ya maliro, munali pa chisoni koma munadikira modekha mpaka ndinailembanso. Amuna anga, munkandiperekeza usiku uliwonse kutsidya ndi tochi, n'kukhala pa benchi kundiwerengera mafunso mokweza kuti ndizitayipa mwachangu. Amayi anzanga a kumpingo, mapemphero anu ndi mauthenga anu a m'mawa ankandilimbitsa. Pamwamba pa zonse ndikuthokoza Mulungu amene anandikumanitsa ndi anthu oterewa.

Kwa anzanga amene mukuganiza zowonjezera RAM, makamaka ngati wokugulirani ali kutali, tsegulani kunsi kwa laputopu, jambulani kapepala ka pa RAM imene ilimo kale, zilembo zonse zioneke, n'kumutumizira chithunzicho. Ngati mukuopa kutsegula, pulogalamu yaulere ya CPU-Z imaonetsa mtundu wa RAM ndi magetsi ake pa gawo la SPD. Mukaika yatsopano, iyeseni ndi Memtest86+ usiku wonse musanaikhulupirire ndi ntchito ya anthu. Ine tsopano ndinasinthanso Word kuti izisunga yokha pa mphindi 2 zilizonse, ndipo mafayilo a makasitomala ndikumawakopera pa hadi disiki yapadera Loweruka lililonse.

Shopu ikutsegulidwa nthawi zake zakale, Lolemba mpaka Loweruka. Amene munasiya mafulashi ndi mapepala anu nthawi ya mavutoyi, zonse ndinasunga bwino, bwerani mudzatenge. Amene ntchito yanu inachedwa chifukwa cha vutoli, mukabwera mundikumbutse, ntchito yotsatira ndikuchotserani mtengo.