Lachitatu, pabwalo la amfumu

Lero ndinaperekeza agogo aakazi kumsonkhano wa VDC, komiti ya chitukuko cha m'mudzi. Ntchito yanga inali yonyamula kampando basi, poti mawondo awo sakulolanso kukhala pamphasa. Nkhani zinali ziwiri: malo okumba mjigo watsopano ndi mayina a Mtukula Pakhomo.

Achikulire anawakhazika kumbuyo, patsinde pa mango, komwe mawu a wapampando amafika mwa apo ndi apo. Atawerenga mayina, wapampando anati, "Agogo athu tawaganizira kale, tiyeni tipitirire." Agogo anakweza ndodo m'mwamba, osaitsitsa mpaka amfumu atawaona.

"Zikomo amfumu, zikomo akomiti. Kutiganizira mwatiganizira, koma munatifunsa liti? Mjigowo mukuti kutsidya kwa dambo. Dzinja likafika, ine ndidzaoloka bwanji ndi ndowa pamutu?"

Pabwalo panati zii. Kenako mnyamata wina kumbuyo kwanga ananong'oneza mnzake kuti, "Agogowa usalimbane nawo, amayenda usiku." Mtima unandipweteka. Mawu ngati amenewa ndi amene amatseka pakamwa okalamba ambiri, chifukwa akudziwa kuti gogo wolankhula kwambiri sachedwa kutchedwa mfiti mwana akadwala m'mudzi. Chonsecho kutchula munthu mfiti ndi mlandu pa lamulo la 1911, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza achikulire. Koma lamulo likakhala ku Lilongwe, ndani adzalitchula pabwalo ngati eni akewo ali chete?

Agogo atakhala pansi, enanso analimba mtima. Abambo ena anadandaula za chitupa cha unzika chimene chinatha ntchito, pomwe ndalama yokwerera kabaza kupita kuboma alibe. Amayi ena anati kuchipatala amaima pamzere umodzi ndi zidzukulu zawo mpaka dzuwa paliwombo. Pamapeto anapempha kuti m'komiti mukhale mipando iwiri ya anthu opitirira zaka 60, wamwamuna ndi wamkazi. Amfumu anavomera, nati nkhani ya mjigo ionedwenso isanapite ku ADC, komiti ya chitukuko cha dera lonse.

Anthu akubalalika, agogo anandikoka malaya. "Iwe, pita kwa mlembiyo ukawerenge. Walembadi zimene tanena?" Ndinapita. Za mjigo zinalimo, za mipando munalibe. Mlembi anati anaiwala, ndipo anazilemba ine ndili chiimire pomwepo. Agogo akuti msonkhano wa mwezi wamawa tidzalawirire, kampando ndikakaike kutsogolo.