Abusa 16 m'mimba mwa apongozi anga

Kantemba kathu kali ku Kapata, m'tauni ya Chipata, ndipo kamagulitsa zinthu zimene munthu amakumbuka mphika uli kale pamoto: mchere, machesi, saladi, kapenta, pamela wa unga, talktime. Wogulitsa ndi amai a Taonga, mkazi wanga. Ntchito yanga ndi kukaoda katundu ku Down Shops ndi kudandaula za buku la nkhongole, limene limanenepa mashelefu akuonda. Mkazi wanga ndi munthu wabwino, koma liwu lakuti "iyai" analisiya kwao tsiku laukwati.

Mwana wa mlongo wanga, amene akuphunzira zamakompyuta ku koleji, ndiye anabwera ndi nzeru. "Amalume, manambala salowa m'mutu mwa anthu. Aonetseni chithunzi." Anandionetsa pafoni vidiyo ya Hans Rosling, dokotala wa ku Sweden amene mu 2006 anadabwitsa anthu poonetsa mayiko ngati mipira yoyenda pakhoma, China ndi India ili mipira ikuluikulu chifukwa cha kuchuluka kwa anthu ake. Ndinati ngati dziko lonse lapansi linakwana, Kapata sangakanike.

Mnyamatayo anatenga buku lija n'kulilowetsa mu Excel, pulogalamu ya pakompyuta yowerengetsera manambala, n'kupanga chimene amati bubble chart. Aliyense wankhongole anakhala mpira umodzi. Kuchoka kumanzere kupita kumanja kunali masiku a mwezi, kuonetsa nthawi imene munthu amakonda kubwera. Kuchoka pansi kupita pamwamba kunali ndalama ya katundu amene amatenga pa ulendo umodzi. Kukula kwa mpira kunali kangati munthuyo walembedwa m'buku. Maina anawakopera mmene mkazi wanga amalembera, ndipo iye salemba maina a pa chitupa: AMAI A MAPASA, WA NJINGA YOFIIRA, ABUSA, ATATE.

Excel imafunsa ngati nambala iimire malo onse amene mpira wadzaza, "Area of bubbles", kapena kutambalala kwake, "Width of bubbles". Mnyamata anadina yachiwiriyo mwachangu, akuti kuti uthenga umveke. Unamvekadi. Pansi pa tchati panatuluka chimpira chakuda cholembedwa ATATE, chokhala pakati pa tinzake ngati dzungu lagwera m'lichero la nshawa. Ndinalipira kuti asindikize papepala lalikulu la A3, ndinaliika pansi pa kauntala kuti madzulo tikambirane bwino ngati banja, n'kupita kukaoda shuga.

M'kantemba, pepala lililonse lopanda mwini ntchito yake ndi imodzi. Masanawo apongozi anga aamuna anadutsa kudzatenga kapenta wa ku Mpulungu, pa nkhongole, ndipo mwana wawo anawakulungira m'pepala loyera bwino limene analipeza pansi pa kauntala.

Uthenga unandipeza m'mawa: ndikufunika ku Kalongwezi, ndibwere ndi ankhoswe, ndi mnyamata wa kompyuta, ndi kompyuta yakeyo. Wa njinga amene ananditenga anandifunsa ngati kuli maliro. Ndinamuuza kuti sanachitike, koma apalase pang'onopang'ono.

Tinapeza akhala pansi pa mtengo wa mango, pepala lija alitambasula patebulo, likunyezimira mafuta a kapenta. Pambali pake panali rula, lumo ndi kabokosi kachitsulo ka mathematical set. Apa ndi pamene ndinakumbuka kuti munthuyu anapuma pantchito ali mphunzitsi wa masamu. Ndinakhala chapatali pa kampando, nkhope kuyang'ana nkhuku, monga ayenera mkamwini.

"Muwauze atate a Taonga," anatero kwa ankhoswe, ngakhale ndinali kumva ndekha, "kuti nkhongole sindikana. Ndatenga ka 16, ndawerenga. Abusa atenga kangati?"

Mkazi wanga anayankha chapansipansi kuti kanayi.

"16 kugawa ndi 4?"

Palibe anayankha, mpaka anayang'ana ankhoswe pamwamba pa magalasi. Ankhoswe, munthu wa imvi zake, anakweza dzanja asananene kuti 4.

"Ndiye ndiyenera kuposa abusa kanayi. Tsopano onani." Anaika rula. Mpira wa abusa unali masentimita 3, wao 12. Ine ndinalimba mtima n'kunong'oneza ankhoswe kuti 12 ndi kanayi ka 3, choncho palibe mlandu. Kunong'onako kunandipezetsa phunziro la ola lathunthu. Diso, anatero apongozi, siliyenda ndi rula. Limaona inki yonse imene yadzaza pepala. Malo a chinthu chozungulira ndi pi kuchulukitsa ndi radius, n'kuchulukitsanso ndi radius yomweyo (radius ndi mtunda wochoka pakati kufika m'mphepete), ndiye ukatambalitsa mpira kanayi, mkati mwake mwakula kanayi kuchulukitsa kanayi, ndiye kuti ka 16. Wofuna kuonetsa kanayi atambalitse kawiri kokha, chifukwa square root ya 4 ndi 2. Zimenezi, akuti, anaphunzitsa ana a Grade 9 kuyambira nthawi ya Kaunda, ndipo sanaganize kuti tsiku lina adzazigwiritsa ntchito podziteteza.

Kenaka anatsegula envulopu. Usiku wonse mkuluyu anakhala akudula timapepala tozungulira tofanana ndi mpira wa abusa. Anayamba kutiyala mkati mwa mpira wao mosamala, kamodzikamodzi. Tinalowa 11. "Asanu otsalawo alowa m'mipata iyi, mukawaduladula. Mwandiika abusa 16 m'mimba, atate a Taonga. Ndine munthu kapena sinodi?"

Apongozi aakazi anathawira kukhichini, ndipo tinamva mbale zikugwa ndi chifuwa chachilendo.

Mlandu wachiwiri unali woopsa kuposa woyamba, ndipo pano ndiyenera kunena kuti mkuluyo mutu umagwira. Anatiuza tione pamene mpira wao wakhala: pansi penipeni. Iwo amatenga machesi, mchere, kapenta wa K10. Ka 16 ndi K160. Abusa ali kumwamba, kumene ndi kwao, chifukwa akabwera amanyamula thumba la unga la makilogalamu 25 ndi chigubu cha saladi, za K300 ulendo umodzi. Kanayi ndi K1,200. Tchati yathu inali kufuula za munthu wobwera kawirikawiri, n'kumanong'ona za munthu amene akugwetsa shopu. Zonse zinali papepala lomwelo, koma ndani amawerenga manambala a m'mbali pamene pakati pali chinthu chachikulu chotero? "Kubwera kawirikawiri ndi chikondi," anatero. "Ndimabwera kudzaona mwana wanga. Machesi ndi chifukwa chabe."

Analamula kuti tchati ikonzedwe pamaso pao. Mnyamata anatsegula laputopu, manja akunjenjemera kuposa mmene nkhaniyo inafunira, n'kudina "Area of bubbles". Apongozi anayembekezera kuphwa, koma Excel imasunga mpira waukulu mmene ulili n'kuyeza inayo potengera umenewo, choncho iwo anakhala chimodzimodzi, ena onse n'kufufuma. Abusa anafika theka la kutambalala kwa apongozi, monga masamu ananenera. Mkuluyo anagwedeza mutu mokhutira, kenaka anasendeza magalasi.

"Nanga awa akusuzumira kumbuyo kwanga ndani?"

M'mphepete mwa chimpira chija munatuluka timapewa tiwiri, kena kumanzere kena kumanja, topanda maina. Anauza mnyamata achepetse inki kuti za kumbuyo zioneke. Mpira wa ATATE utayera, mkati mwake munaoneka mipira iwiri yonenepa bwino imene inabisala mmenemo nthawi yonseyi. Mnyamata anayamba kufotokoza kuti mwina ndi vairasi. Mkazi wanga sananene kanthu, anangotulutsa buku la nkhongole m'chikwama n'kunyowetsa chala.

Woyamba anali MWANA WA ALAMU, masikono ndi talktime, ka 7. Apa ndinamvetsa chifukwa chake Width inadinidwa mwachangu chotero, ndipo ndinatembenuka kuti ndimudzudzule mwamphamvu pamaso pa akulu. Ndisanatsegule pakamwa, mkazi wanga anawerenga wachiwiri. MWINI WAKE, talktime ndi Fanta, ka 9.

Ndinapempha ankhoswe afotokoze kuti munthu sangakhale ndi nkhongole m'shopu yake. Ankhoswe anafotokoza. Apongozi anafunsa mwaulemu kuti ndalama yoyambira shopuyo inachoka m'penshoni ya ndani. Ankhoswe anatembenukira kwa ine n'kunena kuti funso limenelo ndiyankhe ndekha, iwo ali ndi ulendo wa ku Katete.

Chigamulo chinali chakuti phunziro la masamu ndi K160, ichotsedwe m'buku. Tchati yatsopano anaisindikizitsa okha, ndipo anatuma Taonga akaipereke kwa abusa Lamlungu, mu envulopu ya chopereka.