Mzimayi wa pa zithunzi zija sindimudziwa

Pitani pamene amagulitsira alendo zosema ndi zojambula kuno ku Mulanje, muona mzimayi mmodzi yemweyo pa chinsalu chilichonse. Chiuno chowonda, mbina yotakata, dengu kumsana, akumwetulira pakati pa tiyi, kumbuyo kwake Sapitwa. Ine ndinakulira pa esiteti ku Thyolo, mayi anga anathyola tiyi mpaka msana unakana, koma mzimayi ameneyu sindinakumanepo naye.

Amene ndimamudziwa ine amamanga pulasitiki m'chiuno kuti mame a m'mawa asamunyowetse. Zala zake n'zakuda ndi utomoni wa masamba, zong'alukang'aluka, mwina chimodzi chomangidwa kansanza. Nkhope yake yeniyeni imaoneka madzulo dengu likakwera pa sikelo: samwetulira, maso amakhala pa dzanja la kapitawo amene akulemba makilo, mumtima akuwerengera fizi ya mwana. Nkhope imeneyo palibe amaijambula.

Ndikawafunsa anyamata ojambulawo amati, "Achemwali, alendo amagula zimenezi." Sindikuwada, nawonso akusaka ya ufa. Koma diso limene likusankha kuti pa mkazi tione chiyani ndi la mwamuna, ndipo limathera m'chiuno. Zimandipweteka chifukwa ana athu aakazi amakula akuganiza kuti pa chithunzi ntchito yawo ndi kuonedwa basi.

Chonsecho kujambula si kwachilendo kwa akazi kuno kwathu. Ku Chongoni, m'boma la Dedza, kumene bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe la UNESCO linakuika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 2006, zambiri mwa zojambula za m'mapanga n'zokhudza akazi ndi chinamwali. Agogo anga ankasakaniza dothi lofiira, lakuda ndi loyera n'kulemba maluwa ndi mizere pa khoma la nyumba, ankaumbanso mbiya. Anthu ankangoti ndi ntchito za pakhomo.

Loweruka ndimakhala ndi atsikana a m'mudzi mwathu, timajambula ndi makala ndi mapensulo pa makatoni. Wina anajambula mayi ake atangodutsa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023: ali m'matope ofika m'mawondo, akufukula mapoto ndi khasu, chitenje chitamatirira thupi. Bambo wina ataona anati, "Mwanawe, bwanji osawakongoletsako pang'ono amayi akowa?" Mtsikanayo anayankha mwaulemu kuti, "Bambo, tsiku limenelo anali chonchi." Sitinasinthe kalikonse.

Tsopano tisanajambule mayi aliyense timayamba tamufunsa mmene akufuna kuonekera. Mayankho ake amatidabwitsa. Wina anasankha yunifolomu ya Mvano. Wina anati pakhale njinga yake imene amapikulira nthochi ndi zinanazi. Mayi wina wothyola tiyi anakana dengu, anati timujambule tsiku la malipiro, atavula jombo, atakhala pa khonde akuwerenga ndalama zake.